Magazi Anga ndi Mchere wa Maliyeta

Ndisanayambe ndikufuna nditchule mboni zanga, chifukwa kwathu kwa Mponda ndikanena kuti kunja kwacha, anthu amatuluka kukaona okha. Akuti ndimawonjezera. Ine sindiwonjezera, abale anga. Zinthu zimangondichitikira zikuluzikulu.

Mboni yoyamba ndi achemwali anga aakulu, Abiti Daudi. Ali moyo, amayanika usipa kugombe, ndipo chibadwire sananamizepo ngakhale nkhuku. Akafuna kuipha amaiuziratu. Yachiwiri ndi a Juwawo, mkulu wina wa ku Mozambiki amene tinagona mabedi oyandikana kuseri kwa khoma ili. Iwowa anamwalira, choncho sanganditsutse. Yachitatu ndi dokotala amene odwala tinkamutcha a Tiyezekaye, chifukwa ukawauza kuti wadzuka bwino ankayankha kuti, "Tiyeze kaye." Anawasamutsa, koma alipo. Mboni yachinayi ndabwera nayo: magazi anga. Wokayika akabwereke singano kwa anesi adzawafunse.

Pali munthu wachisanu, Maliyeta, mkazi amene ndinakwatira. Iye si mboni ayi. Ndiye mwini mlandu.

Ine ndine Amidu. Anesi andipempha kuti ndilankhule nanu inu amene mwakhala pa benchipo, ena mwamasula malamba, ena mwabisa mimba m'mikanjo. Benchi imeneyo ndimaidziwa. Thabwa lapakatilo linapindika chifukwa cha ine.

Zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inkathamangitsira anthu kuno, ine ndinali wa geni ya usipa. Ndinkagula kugombe, kumanga dengu pa kaliyala, n'kukankha njinga kukwera phiri mpaka kumtunda cha kumalire, komwe kunali kampu ya othawa nkhondo. Anthu aja ankalandira ufa, nandolo, mafuta ndi shuga, koma nsomba ankangoilota. Ndiye tinkasinthana.

Maliyeta ndinamupeza kumeneko. Anafika kukampu yekhayekha. Amayi ake, alongo ake, onse anasiyana nawo tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa, ndipo sanamvenso za iwo. Tsiku loyamba ndinamuwonjezera usipa m'mbale, monga amachitira mwamuna amene ali ndi maganizo. Iye anatapa wowonjezerawo n'kubwezera m'dengu. "Ndapereka kapu imodzi ya nandolo," anatero, "ndipatseni wa kapu imodzi." Ndinatsika phiri lonse ndikuganiza za dzanja limenelo. Tinamanga ukwati kwa shehe, ndipo popeza analibe mudzi woti ndikakhaleko chikamwini, ndinatsika naye kunyanja, pamalo pathu, nyumba yanga kuyang'anizana ndi ya achemwali.

Koma kukampu ndinapezakonso china. Shuga ndi madeya zikakumana ndi mayi wanzeru zimabereka kachasu, ndipo mayi Roza anali wanzeru kwambiri. Ine ndine mwana wa Chisilamu. Bambo anga ndiwo ankaitana anthu ku swala, ndipo kwathu botolo la mowa, ngakhale lopanda kanthu, sitiligwira. Koma kumtunda kunalibe wondidziwa. Ndinalawa tsiku lina chifukwa kunkazizira. Kenako kunayamba kuzizira tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala.

Kubisa sikunavute. Munthu wogulitsa usipa sanunkha china chilichonse. Ukhoza kumwa palafini, anthu azingoti usipa. Maso akafiira ndinkati fumbi la mumsewu. Ndikadzandira ndinkati phiri landithyola mawondo. Ludzu litayamba kunditsatira mpaka kunyumba, ndinayamba kutsika ndi mabotolo pansi pa dengu, ndipo malo obisa ndinasankha abwino kuposa onse m'boma la Mangochi: m'denga la udzu la khitchini ya achemwali anga. Ndani angafunefune mowa kwa mayi amene saphonya swala?

Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa, Maliyeta. Anandiona ndikumwa tisanakwatirane. Sankalalata. Ankangoti, "Che Amidu, chinthu ichi chidzakudyani." Ine n'kumayankha kuti, "Chiyambire kumapazi, mutu ndikuugwiritsa ntchito."

Chinamvera. Chinayambira kumapazi.

Mapazi anatupa mpaka nsapato zinandikana. Kenako mimba. Manja kuwonda ngati mabango, khosi ngati la nkhuku yososola, maso chikasu ngati pakati pa dzira, koma mimba ikungopita patsogolo. Poyamba anthu ankati geni ikuyenda. Kenako anasiya kunena. Ndikulumbira, ndikapita ku mzikiti mimba inkalowa n'kupatsidwa moni ine ndikadali panja kusamba m'mapazi. Tsiku lina pa mlatho wapolisi anaimitsa galimoto za tsidya linalo kuti ndidutse kaye. Abiti Daudi analipo, kawafunseni.

Ndiye mukudziwa, kwathu kuno munthu akatupa mapazi uku thupi likuwonda, sitifunsa kuti wamwa chiyani. Timafunsa kuti wamuthirira mchere ndani. Tsempho, pa Chiyao timati ndaka. Akuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amatupa. Achemwali anga si munthu woipa. Ankaona mlongo wawo akutha, mlongo wosasuta, wosamwa, ndipo m'nyumba mwake muli mkazi wachilendo, wopanda mwana, wopanda m'bale, amene amatsala yekha mwamuna akakwera phiri. Anangolumikiza zimene ankaziona.

Anabwera masana ena ndi amayi awiri a kumathandala oyanikira usipa. Ine ndinali gone pa mkeka pakhonde, Maliyeta akutsuka mbale.

"Alamu," anatero achemwali, "mlongo wangayu akutha. Tchulani dzina la mwamunayo, tikatenge mankhwala, mumupatse ndi dzanja lanu, achire. Sitikumenyani ayi."

"Kulibe mwamuna, alamu."

"Nanga watupa ndi chiyani? Mphepo?"

Maliyeta anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Mvetsani bwino apa, inu a pa benchi. Mkazi uja akanangokweza chala n'kuloza denga la khitchini, lomwe linali pomwepo, aliyense akuliona, akanapulumuka. Sanaloze. Anadikira kuti mwini wake anene. Ine ndinatembenukira kukhoma n'kuyamba kubuula. Ndinabuula mwaluso moti mayi mmodzi analira.

M'mawa mwake anamanga kachitenje kake. Chitini cha mchere anakachiika pakhomo pa achemwali. Kwa ine anangoti, "Madzi akumwa ali mumtsuko." Anakwera phiri wapansi kubwerera kukampu.

Mkazi anachoka, koma mimba sinamve uthengawo. Achemwali ankandiphikira, ankandimwetsa mizu yowawa, mimba ikukulirakulira. Iwo akapita kugombe, ine ndinkakwawa mpaka kukhitchini kwawo. Alendo anasiya kubwera, chifukwa nyumba ya tsempho ndi nyumba ya manyazi, munthu sadziwa koyang'ana. M'nyumba munali zii moti ndikatembenuka ndinkamva madzi akukhuvuka m'mimba ngati m'bwato lobooka. Ndinayamba kucheza nawo. Ndikati, "Mwaswera bwanji?" iwo khuvu. Anali anzanga okhawo otsala.

Kenako thupi linatentha. Mimba, imene kale inkangolemera, inayamba kupweteka moti ngakhale nsalu ikakhudza ndinkakuwa. Mutu unasokonekera. Akuti achemwali ndinawatcha wapolisi, n'kuwapempha kuti aimitse galimoto. Anandinyamula pa ngolo kubwera nane kuno. Ng'ombe zake mpaka lero zikandiona zimathawira m'nyanja.

A Tiyezekaye anatulutsa achemwali panja, anandigogoda mimba ngati munthu wogula mavwende, n'kufunsa, "Mumamwa mowa, bambo?"

"Ndine Msilamu, adokotala."

"Sindinafunse komwe mumapemphera."

Ndisanapeze bodza lina, pa bedi la pambali panamveka mawu. "Amidu! Ndiwe? N'chifukwa chake kwa mayi Roza kachasu akumatsala masiku ano!" Anali a Juwawo, mnzanga wa pa chipika chomwera kukampu, nawonso mimba phwii, maso chikasu. Tinali ngati mitsuko iwiri yoiwalika pachitsime.

Adokotala sanaseke. Anangoti, "Tiyeze kaye." Anatenga magazi pamkono. Kenako analowetsa singano m'mbali mwa mimba n'kukoka madzi pang'ono m'kabotolo, n'kukakweza cha kuwindo. Anandiuza kuti madzi a mimba yotupa, akakhala opanda tizilombo, amaoneka ngati tiyi wofowoka wopanda mkaka, ukhoza kuona chala kuseri kwake. Anga anali ngati madzi otsukira mpunga. Jekeseni woyamba anandibaya pomwepo, zotsatira zisanabwere n'komwe.

Atabwera nazo anakhala m'mphepete mwa bedi, chinthu chimene madokotala sachita akakhala ndi nkhani yabwino.

"M'magazi mwa munthu muli asilikali," anatero, "tizigawo toyera tolimbana ndi matenda. Anu achuluka kwambiri, ndiye kuti penapake pali nkhondo. M'madzi a m'mimba aja tawapezanso ali khamu, ndiye nkhondoyo ili mmenemo. Tizilombo ta m'matumbo tawolokera m'madzimo. N'chimene chikukutenthetsani thupi. Chimenechi chimapha msanga, koma chili ndi mankhwala, ndipo tayamba kale."

"Nanga madziwo achokera kuti? Ine sindinamwe nyanja."

"Chiwindi chanu chauma, chakhwinyata ngati nsomba yowamba. Likodzo la m'nyanjamu liyenera kuti linayamba kuchiwononga muli mwana, kachasu anadzamaliza. Chiwindi chabwino chimapanga chinthu china chogwira madzi kuti azikhala m'mitsempha. M'magazi anu chachepa, ndiye madzi akuthawira m'mimba. Chimachotsanso ndulu. Yanu yasefukira m'magazi, n'chifukwa chake masowo. Ndipo pamene tinakubayani paja magazi anachedwa kuuma. Zonsezi zikuloza malo amodzi."

"Ndiye ndifa?"

"Tonse tifa. Inu mukufunsa kuti liti. Magazi si Mulungu, sanena tsiku. Amangonena mbali imene bwato likulowera. Mukamaliza majekeseni tiyezanso, tione ngati asilikali akubwerera, tionenso ngati impso zikugwirabe ntchito. Impso zikagwa, kawirikawiri ndiye basi."

Kenako ndinafunsa funso limene yankho lake ndinkalidziwa. "Adokotala, magazi amaonetsa tsempho?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndayang'ana ndekha pa galasi, bambo. Mkazi wanu sindinamuonemo."

Nthawi yomweyo achemwali analowa ndi kambale ka utaka. Adokotala anaimirira n'kuwauza mwaulemu, "Mayi, kuyambira lero ndiwo za bambowa musamathire mchere. Mchere umasunga madzi m'thupi."

Achemwali anatsala pang'ono kugwetsa mbale. "Mchere! Wamva, Amidu? Ngakhale achipatala! Ndinkanena ine!" Anatuluka kukauza amayi a pakhonde, ndipo ndinamva mawu akuyenda wodi yonse mpaka kumpanda.

A Tiyezekaye anandiyang'ana. Nkhani ya botolo sinali yawo kuti aitulutse. Anadikira, ndi maso omwe aja a Maliyeta pakhonde. Ine ndinatembenukira kukhoma n'kubuula. Koma ulendo uno palibe analira.

Adokotala atachoka, a Juwawo analavula m'kachitini kawo. "Mkazi wako ndimamudziwa," anatero. "Amakhala kumapeto kwa kampu, pafupi ndi mjigo. Nkhani ya mchere inamutsatira, anaikweza phiri ndi ogulitsa nsomba anzako. Kampu yonse palibe amadya ndiwo zake. Amaphika yekha, amadya yekha. Munthu anathawa mfuti n'kudzagwera pa iwe."

Analavulanso, n'kupitiriza.

"Ndipo nkhondo yatha, sukudziwa? Malole ayamba kutenga anthu kubwerera kwawo. Akawoloka malire ukamufunira kuti? Mudzi wake kulibe."

Majekeseni atayamba kugwira, thupi linazizira, ndipo anayamba kundichotsa madzi pang'onopang'ono. Zidebe za muwodi zinadzaza, anakabwereka za kukhitchini. Shire anakwera, asodzi a kumunsi anadandaula. M'chidebe chomaliza munali kansomba ka kambuzi kamodzi, kamoyo. A Juwawo anakaona.

Tsiku la zotsatira zachiwiri adokotala anayambira kwa a Juwawo. Ankalankhula motsitsa, koma mabedi anali oyandikana. Ndinamva mawu oti impso. A Juwawo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yachedwa. "Ndiye lole yanga ndi ina," anatero.

Kenako kwa ine. Asilikali anali akubwerera, impso zinali zikugwira, koma ndulu inali ikadali m'magazi. "Nkhondo iyi mwapambana," anatero a Tiyezekaye, "koma imabweranso, ndipo chiwindi chouma sichibwerera mwakale. Mukasiyiratu mowa, chidutswa chatsalacho chikhoza kukunyamulani. Mukalawanso, musavutike kubzala chimanga chaka chino. Ndipo ngati pali mawu oti munene kwa munthu, musadikire kuti muyambe mwanenepa."

Ine ndi a Juwawo tinamwa kachasu wa mphika umodzi, tinabayidwa majekeseni amodzimodzi, tinagona chipinda chimodzi. Musandifunse chifukwa chake ine ndili pano. Anamwalira masana, nthawi yoona odwala, mabedi ena onse atazunguliridwa ndi achibale, pawo palibe munthu. Ndine ndinawagwirira kapu. Mawu omaliza anati, "Ukakwera phiri, kwa mayi Roza udutse tsidya linalo la msewu." Panalibe wodzatenga thupi. Anakawaika ndi akaidi. Ndinaonera pawindo akuwanyamula m'bulangete, mimba itatukula bulangetelo, ndipo kuchokera pamene ndinaimapo simukanasiyanitsa kuti ndi iwo kapena ine.

Pamenepo ndi pamene ndinatembenuka. Sikunagwe mphezi. Ndinangoona kuti a Juwawo anafa okha chifukwa nkhondo inawalanda anthu, pamene ine ndikanafa ndekha chifukwa munthu wanga ndinamutaya ndi manja anga.

Nditatuluka m'chipatala sindinayambire kunyumba. Ndinapita kumathandala, chifukwa kumeneko n'kumene nkhani ya Maliyeta inayanikidwa n'kugulitsidwa. Unali m'mawa, amayi akumwaza usipa, achemwali ali pakati pawo. Ndinatsamira ndodo n'kukweza mawu.

"Amayi, ine Amidu ndimamwa kachasu. Ndamwa zaka zambiri. Chiwindi changa chauma ndi mowa. Maliyeta alibe mlandu."

Anaseka. Gombe lonse linaseka. "Che Amidu achira, ayambiranso nthabwala!" Wina anati, "Mkazi uja anawadyetsa chiyani, mpaka kudzinamizira haramu?" Moyo wanga wonse anthu akhala akukayikira zoona zanga zazikulu, koma ndinali ndisanavutikepo nazo mpaka tsiku limenelo.

"Achemwali," ndinatero, "tiyeni kukhitchini kwanu."

Gulu lonse linatsatira, usipa anausiyira akhwangwala. Ndinawauza achemwali kuti apise dzanja m'udzu pamwamba pa chitseko. Anatulutsa botolo. Anapisanso, lina. Mabotolo anatuluka mpaka denga linatsika, ndipo khitchini imeneyo inayamba kudontha kuchokera tsiku limenelo, chifukwa mabotolo ndiwo ankatchinga mvula. Kuseka kunatha. Achemwali ananunkhiza limodzi, n'kukhala pansi pa dothi.

"Alamu ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Tsiku lija pakhonde, ankadziwa kuti zili muno?"

"Eya."

Sanandimenye, ngakhale ndikanakonda. Anangoti, "Choka pamaso panga."

Ndinakwera matola kupita kumtunda. Kampu inali itatha theka. Pamene panali tinyumba panatsala timabwalo ta dothi losalala ndi mafuwa. Kwa mayi Roza ndinadutsa tsidya linalo, nditagwira mphuno. Maliyeta ndinamupeza pafupi ndi mjigo, katundu wake atamanga kale.

"Mwaphwa," anatero.

"Anachotsa madzi."

"Mwabwera kudzatani?"

"Kudzanena kuti munalibe mlandu."

"Zimenezo ndikuzidziwa kale. Mwakwera phiri lonseli kudzandiuza dzina langa?"

"Ndawauzanso kunyanja. Onse. Mabotolo awaona."

Anatambasula dzanja lamanja, lomwe lija linabweza usipa m'dengu. "Anthu anandikana dzanja, Che Amidu. Dzanja ili. Mwana wa pakhomo lina akalira njala, mayi ake amamukoka kuti asalandire changa. Inu pakamwa panu mwatsuka. Nanga dzanja langa atsuke ndani?"

"Tiyeni kunyumba."

"Kunyumba kwa ndani? Lole ikabwera ndikwera. Kwathu kulibe munthu, koma kulibenso wondiloza."

Anandipatsa madzi akumwa. Ndinatsika phiri ndekha. Nditafika ndinaima kuseri kwa mpanda wa achemwali, iwo akusinja mkati, n'kunena mawu onse a Maliyeta, a dzanja aja, monga anawanenera. Musi unaima pang'ono, kenako unapitiriza.

Tsono mverani mmene ndinakhalira, chifukwa mbali iyi ndi yanu. Geni ya kumtunda ndinasiya, popeza msewu wake unkadutsa pa ludzu langa. Ndinayamba kusoka maukonde a anthu pansi pa mtengo. Ndinkadziphikira ndekha, popanda mchere, ndipo usipa wopanda mchere, abale, uli ngati kutafuna ukonde womwewo. Mapilitsi ochotsa madzi ndinkamwa monga anandiuzira. Mizu, ndi mapilitsi a mutu a m'magolosale, ndinasiya, chifukwa adokotala anati chiwindi ndi impso zotopa sizifuna alendo. Anandiuzanso kuti thupi likangotentha, kapena mimba ikayamba kupweteka, kapena ndikayamba kutcha anthu apolisi, ndisadikire mawa: ndibwere tsiku lomwelo ayeze madzi ndi magazi. Zinachitikadi kamodzi, ndinabwera, anandigwira msanga. Ndipo tsiku loyeza ndinkabwera ngakhale ndikumva bwino, chifukwa ine pakamwa ndikhoza kunena chilichonse, koma mkono sunama.

Ludzu silinasamuke. Linkafika masana dzuwa likapendeka, n'kukhala pambali panga ngati m'bale. Likalimba ndinkayenda mpaka kuno, n'kukhala pa benchi iyi kuonerera amene akuwatsitsa pa ngolo. Ku mzikiti shehe anati khomo silinatsekedwe, koma ndinkakhala kumbuyo, ndipo mzere wanga unkakhala ndi malo ambiri, ngakhale mimba inali itachepa. Anzanga omwa nawo anali atawoloka malire. Achemwali sankandilankhula. Ngakhale madzi a m'mimba aja, ocheza nawo, anali atapita. Kenako ogulitsa nsomba anasiya kukwera phiri, akuti kulibenso ogula. Ndinati basi, Maliyeta wapita.

Tsiku lina loyeza, a Tiyezekaye anayang'ana zotsatira n'kuvula magalasi. Ndulu inali itatsika. Chogwira madzi chija chinali chitakwerako pang'ono. Impso zili bwino. "A Amidu," anatero, "lero sindinena kuti tiyeze kaye. Tayeza. Pitirizani chomwecho."

Ndinatuluka ndi nkhani yabwino, wopanda woiuza. Ndinauza mbuzi ina pamsika. Inandiyang'ana ngati nayonso ikukayika.

Ndikuyandikira kunyumba ndinaona utsi ukutuluka kukhitchini kwanga. Ndinati nyumba yapsa, ndipo ndinathamanga, koyamba chiyambire kutupa. Pabwalo panali patadzaza amayi a kumathandala, atakhala chete. Achemwali, amene dzulo lake lonse sindinawaone, anali pomwepo, miyendo ili psuu ndi fumbi lofiira. Kunyanja kuno kulibe fumbi lofiira. Ndi la kumtunda.

Pamoto, akuphika chambo, panali Maliyeta, amene achemwali anakamupeza akudikirabe lole yomaliza. Sanandiyang'ane. Achemwali anatenga chitini cha mchere, chomwe chija chinasiyidwa pakhomo pawo, anachigwira ndi manja awiri, n'kugwada. Mayi wamkulu, mwini mbumba yathu, kugwadira mlamu wake wamng'ono pamaso pa gombe lonse.

"Alamu, thirani."

Maliyeta anayamba wachotsa nthuli imodzi n'kuiika m'kambale pambali. Kenako anapisa dzanja m'chitini, anakweza kuti aliyense aone, n'kuthira mumphika. Anatakasa. Achemwali ndiwo anayamba kudya. Kenako mayi uja amene analira tsiku lija ine ndikubuula. Kenako wina, ndi wina, mpaka mphika unazungulira bwalo lonse.

Pamenepo ndi pamene Maliyeta anatembenukira kwa ine.

"Magazi akuti bwanji?"

"Akuti ndikadalipo."

"Mpaka liti?"

"Sanena tsiku."

"Ndiye khalani pansi. Yanu ndi iyo."

Apa munthu wabodza akanakuuzani kuti nsomba ija inakoma kuposa zonse zimene anadyapo. Ine sindinama. Inalibe mchere, sinakome, ndipo mpaka lero sikoma. Ndinadya mpaka mutu.

Anesi atsegula chitseko. Amene ali kumapeto kwa benchi ayambe, apinde mkono wa malaya.